Kampani ya mafuta ikati imasamala chilengedwe, tiikhulupirire?

Amayi ena a ku Katete andilembera imelo. Mwana wawo wayamba ntchito pa filing'i siteshoni, ndipo wabwera ndi kabuku ka kampani kodzaza zithunzi za mitengo ndi njovu, konena kuti iwo amateteza chilengedwe komanso moyo wa antchito. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi n'zoona, kapena akungotiphimba m'maso?"

Amayi, pa msika wa Kapata sindinamvepo wogulitsa nsomba akunena kuti zake zavunda. Komabe sindikuti zonse za m'kabukumo ndi bodza. Makampaniwa kawirikawiri amanena zoona, kungoti amasankha zoona zimene zimawakomera.

Tamvani izi. Pa 20 Epulo 2010, mabwana a BP, kampani ya mafuta, ndi a Transocean, eni chombo, anafika pa Deepwater Horizon, chombo chokumbira mafuta m'nyanja ya Gulf of Mexico. Zina mwa zimene anapitira kunali kuyamikira antchito, poti panatha zaka 7 popanda wovulala mpaka kulephera kugwira ntchito. Usiku womwewo chombocho chinaphulika, mabwanawo ali pomwepo. Anthu 11 anafa, ndipo mafuta anakhuthukira m'nyanja masiku 87. Zaka 7 zija sizinali zonama ayi. Ankawerenga oterereka pa masitepe ndi opanidwa zala, pomwe simenti ya pansi pa chitsime, imene inalephera kutseka gasi, sinkalowa m'chiwerengerocho. Ine ndikaona chikwangwani cha "masiku akutiakuti popanda ngozi" ndimayamba ndafunsa kuti akuwerenga ngozi ziti.

Ku Ogoni, m'dziko la Nigeria, kumene Shell inakumba mafuta zaka zambiri, zoona zinadziwika bwino atabwera anthu akunja kudzapima. Lipoti la 2011 la UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, linapeza zitsime zimene anthu ankamwa zili ndi poizoni wa benzene woposa mlingo wa WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, maulendo 900, ndipo linati kuyeretsa dzikolo kungatenge zaka 25 mpaka 30. Nayonso Exxon, kampani ya mafuta ya ku America, inachenjezedwa ndi asayansi ake omwe mu 1977 kuti utsi wa mafuta ukutenthetsa dziko, koma pambuyo pake inathira ndalama m'magulu okayikitsa anthu za nkhaniyo.

Pali pena pamene ndimawavomera makampaniwa. Akamati gasi wophikira amapulumutsa mitengo, ali ndi mfundo. Aliyense woyenda pa Great East Road amawaona matumba a malasha ali ndandanda cha ku Nyimba, ndipo mbaula ya m'nyumba yotseka yapha anthu ali m'tulo. Kungoti silinda ndi yodula, ndiye mtengo umene akuti aupulumutsa umagwabe.

Ngozi imene ili pafupi ndi inu, Amayi, ndi matanka amene amalowera pa boda ya Chanida kuchokera ku Mozambique n'kudutsa pa Katete pomwepo. Mu Novembala 2016, ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, tanka inaphulika anthu atazungulira ndi zigubu kutunga petulo, ndipo oposa 70 anafa. Zotere m'timabuku ta njovu simuzipeza, chifukwa galimotoyo nthawi zambiri imakhala ya kampani ina yongolembedwa ganyu yonyamula.

Ndiye mwana wanuyo asiye kaye zithunzi. Akaone tsiku lolembedwa pa chozimitsira moto, kuti anachipima liti. Akasuzumire mu ndowa yofiira ija ngati muli mchenga, chifukwa pena ndinapezamo makoko a nthochi ndi mapepala a mtedza. Afunse ngati anamuonetsa batani lozimitsira mapampu onse, ndiponso ngati tanka ikamatsitsa mafuta amaimitsa kugulitsa. Laisensi ya ERB, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi magetsi, aione ngati ilipo pakhoma. Ndipo ngati pafupi pali chitsime chimene madzi ake ayamba kununkha dizilo, musakauze manijala yekha. Lembani kalata ku ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, imodzi musunge nokha.