Rauta yanu sinafe, ikungopereka ulemu kwa radar

Achimwene ena a ku Luwinga andilembera imelo. Akuti akayatsa rauta, Wi-Fi ya 5 GHz imachedwa kutulukira, ndipo mnzawo wawauza kuti imakhala "ikumvetsera radar". Ndiye akufunsa: radar ikufunanji pa intaneti ya m'nyumba mwanga?

Mnzanuyo sananame, achimwene. Radar imachita ngati munthu amene wakuwa m'chigwa n'kutchera khutu kuti mawu ake abwerere. Imaponya mafunde a wailesi, othamanga makilomita 300,000 pa sekondi, ndipo kanthawi kamene atenga pobwerera ndi kamene kamaiuza kuti ndege kapena mtambo wa mvula uli patali bwanji. Koma obwererawo amafika atafookeratu. Rauta ikayankhula pa mafunde omwewo zili ngati agogo akukunong'onezani pa depoti, kondakitala wa minibasi ya ku Nkhata Bay n'kudzaitanira pakhutu panu pomwepo.

Ma radar ambiri oona zanyengo amakhala cha pa 5.6 GHz. Mu 2003, pa msonkhano wa ITU, bungwe la United Nations loona za matelefoni ndi mafunde a wailesi, ku Geneva, maiko analola Wi-Fi kulowa m'dera limeneli la mafunde ngati mlendo. Ulemu wake ndi DFS: rauta imayamba yamvetsera masekondi osachepera 60 isanatsegule pakamwa, ndipo ikamva radar imasamuka pa tchanelocho pasanathe masekondi 10, osabwererakonso kwa mphindi 30. Kaya pafupi pali radar kaya palibe, iyo imamvetserabe. Kukakutopetsani kudikirako, lowani mu masetingi musankhe tchanelo 36 mpaka 48, komwe kulibe DFS. Musangochita zokhotetsa rauta kuti izidumpha lamuloli; mafunde kuno ali ndi eni ake, a MACRA.

Zimenezo ndi zongopatsana mpata basi. Zomwe akatswiri akukonzera 6G (netiweki ya mafoni yobwera pambuyo pa 5G), zotchedwa ISAC, n'zina: funde lomwe lanyamula uthenga wanu wa WhatsApp likagunda galimoto n'kubwerera ku nsanja ya netiweki, nsanjayo iziwerenganso kuti galimotoyo ili pati ndipo ikuthamanga bwanji. Kukagwa chifunga cha pa Chikangawa chija, choti dalaivala saona n'komwe magetsi a lole yomwe ili kutsogolo, ine ndingazikonde zimenezi.

Pondidetsa nkhawa ndi m'nyumba. Wi-Fi imatha kale kuzindikira kuti munthu akuyenda m'chipinda poona mmene thupi lake likusokonezera mafunde, ndipo IEEE, bungwe la akatswiri lolemba miyezo ya Wi-Fi, inalembera zimenezi muyezo wake, 802.11bf. Kamera umaiona, ungaiphimbe ndi chitenje. Rauta yokhala ndi luso limeneli, achimwene, ngakhale itakhala kuseri kwa kabati ikhoza kudziwabe kuti mwadzuka usiku.