Ndinalembera Pulezidenti wa America ndipo anandiyankha: kodi kalatayi ili ndi mphamvu?

Mayi,

Zikomo pondilembera, ndipo pepani ndi kudikira konseku. Ndibwereze mwachidule zomwe mwandiuza kuti tiyendere limodzi. Munachoka ku Malawi zaka zingapo zapitazo, mukukhala ku Indiana, ndipo amuna anu ndi nzika ya America. Munapereka fomu I-485 yopempha green card, chilolezo chokhala m'dzikoli mokhazikika, munakadinda zala, koma padutsa zaka ziwiri ndi miyezi osamva chigamulo. Mutatopa, munalembera Pulezidenti. Patapita milungu ingapo kunabwera envelopu yolembedwa The White House pakona, mkati muli pepala lokhuthala lokuthokozani ndi kukuuzani kuti nkhani yanu aitumiza ku nthambi yoyenera. Mwati kalatayo mwaisunga m'Baibulo. Mukufunsa ngati ili ndi mphamvu, ngati mungasumire Pulezidenti zinthu zikapanda kusintha, ngati mungaone zomwe maofesi analemberana za inu, komanso ngati simunadziputire mavuto polemba.

Ndiyambe ndi yankho lowawa. Kalata imeneyo ilibe mphamvu ya lamulo. Si chigamulo, siikakamiza aliyense kuchita kanthu, ndipo simungaitengere kukhothi n'kunena kuti Pulezidenti analonjeza. Chomwe chinakulembetsani ndikuchimvetsa bwino. Ife tinakula tikudziwa kuti nkhani ikakanika kwa nyakwawa imapita kwa gulupu, ikakanika kwa gulupu imakwera kwa mfumu yaikulu, ndipo wamkulu akangoti ithe, imatha. Kuno makwerero ake sayenda motero.

Makalata opita kwa Pulezidenti amafikira ku ofesi yotchedwa Office of Presidential Correspondence, kumene antchito ndi anthu ongodzipereka amawatsegula ndi kuwasanja. Barack Obama ankawerenga makalata 10 okha patsiku, osankhidwa pa mulu wa zikwizikwi. Kalata ya munthu yemwe ali ndi vuto lakelake ndi boma, kaya la penshoni, la msonkho kapena la mapepala okhalira m'dziko, imatumizidwa ku nthambi yomwe nkhaniyo ikuikhudza kuti ikayankhe yokha. Choncho kalata yanu inayenda ulendo wautali n'kukathera pomwe fayilo yanu inali kale. Mphamvu yogamula pempho la green card Nyumba ya Malamulo ya Congress inaipereka ku unduna wa Homeland Security, ndipo kuyambira pa 1 Malichi 2003 ntchitoyi imagwiridwa ndi nthambi ya USCIS. Wogamula ndi ofisala amene fayilo ili patebulo pake.

Izi sizikutanthauza kuti Pulezidenti alibe dzanja pa nkhani zotere. Dzanja lake ndi lalikulu, koma limagwira anthu ambiri nthawi imodzi kudzera m'zilengezo ndi malangizo opita ku nduna, osati munthu mmodzimmodzi kudzera m'makalata. Chitsanzo chatikhudza ife tomwe. Mu Disembala 2025 Pulezidenti Donald Trump anasaina chilengezo choika Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pa mndandanda wa mayiko omwe nzika zake zachepetsedwa mwayi wolowa m'dzikoli kuyambira pa 1 Januwale 2026, ndipo pambuyo pake USCIS inalengeza kuti iyamba yaimika ndi kuunikanso mafomu a anthu ochokera m'mayiko a pamndandandawo. Malangizo otere amasintha msanga ndipo amatsutsidwa m'makhothi, n'chifukwa chake loya amene adzagwire nkhani yanu ayenera kuyamba waona momwe zilili tsiku limenelo.

Kusumira Pulezidenti mwiniyo ndi njira yotsekeka. Lamulo lomwe limapatsa munthu ufulu wokadandaula kukhothi za kagwiridwe ntchito ka nthambi za boma ndi Administrative Procedure Act la 1946, ndipo mu 1992, pa mlandu wa Franklin v. Massachusetts, khothi lalikulu la dzikoli linagamula kuti Pulezidenti sawerengedwa ngati nthambi pa lamulo limeneli. Osumiridwa ndi nthambiyo ndi akuluakulu ake. Za khothi ndibwererako.

Funso lanu lofuna kuona zomwe analemberana ndi limene ndalikonda kwambiri, chifukwa mwagunda pa ufulu womwe anthu athu ambiri saugwiritsa ntchito. Makalata a boma ali m'nkhokwe ziwiri zosiyana. Zomwe zili m'manja mwa Pulezidenti ndi alangizi ake apafupi zimatetezedwa ndi Presidential Records Act la 1978, lomwe linabadwa pambuyo pa mkangano wa matepi ndi mapepala a Richard Nixon. Lamuloli limati zolembazo ndi katundu wa dziko, ndipo Pulezidenti akachoka pampando zimapita ku National Archives, malo osungirako zolemba za boma. Anthu amayamba kuzipempha patatha zaka 5, zina zimatsekeredwa mpaka zaka 12. Kalata yanu yoyambayo ili m'nkhokwe imeneyo, ndipo lero simungaifikire. Koma kope lomwe linatumizidwa ku nthambi, pamodzi ndi yankho la nthambiyo, lalowa m'nkhokwe yachiwiri, ndipo iyi ili ndi khomo lotsegula.

Khomo limenelo ndi Freedom of Information Act, lamulo lomwe Lyndon Johnson anasaina mu Julayi 1966. Anthu amangoti FOIA. Munthu aliyense angathe kupempha, kaya ndi nzika kaya ayi, ndipo safunsidwa chifukwa chake. Musalisokoneze ndi Privacy Act la 1974, lomwe limateteza nzika ndi eni green card okha. Inu pakadali pano lanu ndi FOIA. Chomwe mukapemphe ndi A-file yanu, fayilo yokhala ndi nambala yoyamba ndi chilembo A ija imaoneka pa mapepala anu onse. M'menemo muli fomu iliyonse yomwe inaperekedwa m'dzina lanu, zolemba za maofisala, ndi makalata omwe anakutumizirani, ngakhale amene sanakufikeni. Pempho limaperekedwa pa intaneti kudzera pa akaunti yanu ya USCIS. Lembani momveka kuti mukufuna fayilo yonse, kuphatikizapo makalata aliwonse ochokera ku White House kapena ku Congress okhudza inu.

Lamulo limapatsa nthambi masiku 20 ogwira ntchito kuti iyankhe, ndipo ingawonjezerepo masiku 10 ngati pali zifukwa zapadera. Masamba 100 oyamba ndi aulere. Musadabwe mukapeza mizere ina itadetsedwa, pambali pake palembedwa kanambala monga b5 kapena b7. Lamuloli lili ndi zifukwa 9 zololera boma kubisa mbali zina, monga zokambirana za maofisala asanagamule ndi njira zofufuzira milandu. Mukaona kuti abisa mopyola muyeso, muli ndi masiku osachepera 90 ochitira apilo mkati mwa nthambiyo, ndipo kenako khothi. Mu Disembala 2020, pa mlandu wa Nightingale v. USCIS, khothi la ku California linalamula boma kuti lizitsatira masiku amenewa pa mapempho a A-file. Ine sindilola munthu kupita kukhothi pa nkhani yochedwa asanaone fayilo yake. Nthawi zina mumapezamo chinthu chaching'ono chomwe chaimitsa zonse: dzina lolembedwa mosiyana pa pasipoti ndi pa setifiketi ya ukwati, kapena yankho la pa fomu ya visa ya kale lomwe silikugwirizana ndi la lero.

Apa ndi pamene pakulowa funso lanu lomaliza. Kulembera Pulezidenti si mlandu. Ufulu wodandaula ku boma uli m'Malamulo Aakulu a dzikoli, ndipo sindikuona chifukwa choti muope kuti mwalemba. Chondidetsa nkhawa ndi zomwe munalembamo. Munthu akamalemba ndi mtima wosweka amatha kukokomeza, kusokoneza chaka chomwe analowa m'dziko, kapena kutchula ntchito yomwe anagwira asanakhale ndi chilolezo. Kalata yotero ikalowa mu fayilo imakhala mawu anu, ndipo ofisala angathe kukufunsani za iyo pa intavyu. Kunama dala kwa nthambi ya boma pa nkhani yofunika ndi mlandu wofika zaka 5 kundende, ndipo kunama pofuna kupeza mapepala okhalira m'dziko kungamutsekere munthu khomo moyo wake wonse. Pezani kope la zomwe munalemba, muliike pambali pa fomu yanu, muwerenge mzere ndi mzere. Mukapeza kusiyana, musathamangire kulemba kalata ina yokonza. Kaonetseni loya kaye.

Tsono muchite chiyani? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo zitseko zilipo. Tengani lisiti yanu, pepala la I-797C, muone nambala ya zilembo 3 ndi manambala 10. Pa tsamba la USCIS pali malo oonera nthawi yomwe mafomu ngati anu akutenga ku ofesi ya kwanuko, ndipo ngati yanu yapyola, mumatumiza funso pomwepo. Sungani yankho lililonse, ngakhale lija longoti nkhani ikuunikidwa, chifukwa ndi umboni woti munayesa.

Kalata yomwe imagwira ntchito kuposa ya ku White House ndi yopita kwa phungu wa Congress wa dera lanu kapena mmodzi wa maseneta awiri a Indiana. Maofesi awo ali ndi antchito osamalira nkhani za anthu a m'deralo, ndipo sikofunika kuti mukhale wovota. Adzakusainitsani fomu yowalola kufunsa za fayilo yanu, popeza popanda siginecha yanu nthambi siingawauze kanthu. Nawonso sangalamule kuti muvomerezedwe, koma amafunsa kudzera pa njira yawoyawo, ndipo yankho lomwe amalandira nthawi zambiri limanena pomwe fayilo yaima. Sankhani ofesi imodzi. Kulembera onse atatu nthawi imodzi sikufulumizitsa kanthu.

Zonsezi zikakanika, pamatsala khothi la federo. Administrative Procedure Act limalola woweruza kukakamiza nthambi kuchita ntchito yomwe yaichedwetsa mopanda chifukwa chomveka, ndipo maloya amaphatikiza ndi pempho lotchedwa mandamus. Kutsegula mlandu ndi madola 405, kupatula malipiro a loya. Zisamani zimapita kwa nthambiyo, kwa loya wa boma wa chigawo chanu ndi kwa Attorney General, mkulu wa zamalamulo m'boma, ku Washington, ndipo boma limakhala ndi masiku 60 oti liyankhe. Milandu yambiri yotere imatha tsikulo lisanafike, chifukwa boma limasankha kungogamula fayilo m'malo mokangana.

Koma mumve bwino apa, Mayi, chifukwa ndi pomwe anthu amapwetekera. Khothi limalamula kuti nthambi igamule. Silinena kuti igamule mokomera inu. Fayilo ikakhala ndi chilema, mlanduwo umangofulumizitsa kukanidwa. Komanso palibe lamulo lonena kuti zaka ziwiri zikakwana ndiye kuti mwapambana. Congress inalembapo kuti n'kofunika mafomu azitha m'masiku 180, koma amenewo ndi maganizo a Nyumbayo, si lamulo lomanga. Oweruza ambiri amatsatira mfundo 6 za mlandu wa TRAC v. FCC wa 1984: amaona ngati nthambi ili ndi dongosolo lomveka la mzere, momwe kuchedwako kukuvulazira moyo ndi thanzi la munthu, komanso ngati kukuthandizani inu sikungokhala kukudumphitsa ena omwe ali patsogolo panu. Makhothi ena amakana n'komwe kumva milandu ya kuchedwa kwa I-485, ponena kuti lamulo linawalanda mphamvuyo. Choncho loya wanu akhale wodziwa zigamulo za chigawo chomwe Indiana ilimo. Ndipo akhale loya weniweni wa chiphaso, kapena woimira wovomerezedwa ndi unduna wa Justice. Madobadoba aliko nakuno, ena a iwo ndi anthu akwathu omwe, olonjeza kuti ali ndi munthu mkati.

Kwathu timati mlandu suwola. Kuno umawola, ndipo chowoletsa ndi masiku. Kalata yanu ya kwa Pulezidenti sinaimitse tsiku lililonse. Nthambi ikakutumizirani Request for Evidence, kalata yopempha umboni wowonjezera, nthawi yoyankha siipyola milungu 12, ndipo siiwonjezeredwa. Chidziwitso choti akufuna kukana chimapereka masiku osapyola 30. Akakana, pempho loti aunikenso pa fomu I-290B liyenera kufika m'masiku 30, kapena 33 ngati chigamulo chinabwera pa positi. Mukasamuka nyumba, lamulo likufuna muwadziwitse m'masiku 10 pa fomu AR-11 kapena pa akaunti yanu. Kuuza a positi okha sikokwanira. Ndaonapo fayilo yabwinobwino ikukanidwa chifukwa kalata inagwera m'bokosi la nyumba yakale, mwini wake ali kalikiliki kudikira yankho lochokera kwa akuluakulu.

Kumapeto kwa kalata yanu mwatchula kuti amayi anu akudwala kumudzi, ndipo mwina ichi ndi chomwe chinakugwiritsani cholembera poyamba. Ndikupemphani ndi mtima wonse: musakwere ndege musanakhale ndi chikalata cha advance parole m'manja, chilolezo chotuluka ndi kubwereranso pempho lanu lisanagamulidwe. Kwa anthu ambiri, kutuluka m'dziko popanda chikalatachi kumawerengedwa ngati mwalisiya nokha pempho la green card, ndipo zaka ziwiri zija zimapita pachabe. Chimapemphedwa pa fomu I-131, ndipo pakakhala matenda aakulu kapena maliro mungathe kupempha kuti achifulumize, mutanyamula kalata ya dokotala wa kuchipatala komwe amayi agonekedwa ndi umboni woti ndinu mwana wawo. Ngakhale mutachilandira, amene amagamula zokulowetsaninso ndi ofisala wa pa bwalo la ndege, ndipo ndi chilengezo cha Disembala chija, pasipoti ya Malawi ikuyang'anidwa ndi diso lina. Musanagule tikiti, khalani pansi ndi loya muli ndi A-file yanu patebulo. Pempho la FOIA litumizeni sabata ino, ndipo abale ku Malawi ayambiretu kufunsa kalata ya dokotala.