Mabuleki a oyilo pa njinga ya m'mapiri: musanatume mng'ono wanu wa ku Joni

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Zomba. Akuti ali ndi njinga ya m'mapiri imene anagula pa kaunjika, madisiki ilinawo koma mabuleki ake ndi a waya, nde akamatsika kuchokera ku Chawe zala zimachita dzanzi, pofika m'tauni manja ali njenjenje. Iwowo amalemera makilo 88. Mng'ono wawo ali ku Joni ndipo wawatumizira zithunzi za mabuleki a oyilo a mitundu itatu, Shimano MT200, Shimano Deore M6120, komanso SRAM Guide yogwirapo kale ntchito imene mnzake akugulitsa motchipa. Funso lawo ndi loti atenge iti.

Achimwene, yankho ndikupatsiranitu, tengani Shimano, ndipo ngati thumba likulola tengani Deore ija. Koma musanamuimbire mng'ono wanuyo khalani kaye pansi, chifukwa pali tinthu tina timene mukalakwitsa katundu adzafika ku Zomba koma osalowa pa njinga yanu.

Tiyambe ndi oyilo, poti apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Mabuleki amenewa ali m'magulu awiri. Shimano, Magura ndi Tektro amagwiritsa ntchito mineral oil. SRAM Guide ija, pamodzi ndi Hope komanso Hayes Dominion, imafuna DOT, buleki fuluwidi yemwe uja wa galimoto, DOT 4 kapena 5.1. Awiriwa sasakanizidwa, ngakhale dontho. Ine ndinaphunzira ndi misozi, ndinasiya njinga kwa amakanika ena kuti angondibulidira buleki ya kumbuyo, kutanthauza kuchotsa mpweya mu oyilo wake, iwo poona kuti ndi ya oyilo anangotenga botolo la fuluwidi wa galimoto nkuthiramo, ndipo sanandiuze nkomwe. Patapita masiku ochepa liva inayamba kubwerera mwaulesi, kenako inangokakamira osabwereranso, nditamasula ndinapeza timalabala ta m'kati tatupa ngati nyemba zogona m'madzi. Liva, paipi, caliper (kachitsulo kokhala ndi mapadi kamene kamapana disiki), zonse ndinataya. Amakanikawo sindiwada, moyo wawo wonse akhala akukonza njinga za kabaza, buleki yotereyi anali asanaitsekulepo.

Tsono wina anena kuti ndiye bola SRAM, poti DOT 4 amapezeka pa filing'i sitesheni iliyonse. Mfundo imeneyi ndi yoona ndithu, sindiikana. Koma DOT amayamwa chinyezi, ndiye amafunika kusintha chaka ndi chaka, akadonthera pa felemu amadya penti, ndipo kubulida SRAM kumafuna majakisoni awiri okhala ndi timilomo take take. Shimano ndi kafanelo kamodzi komangira pa liva, jakisoni mmodzi ndi kasipanala, munthu umapanga wekha pakhonde uku ukumvera mpira. Chinanso, ma Guide ena akale anatchuka ndi vuto loti kukatentha pisitoni ya m'liva imakakamira, nde taganizani dzuwa la Okutobala, njinga mwaitsamiritsa pa khoma panja kwa maola awiri. Buleki yogula kwa mnzake wa mng'ono wanu, simukudziwa yadutsa m'zotani, ayi ine sindingaikepo khosi langa. Ngakhale eni ake a SRAM masiku ano akusamukira ku mineral oil, Maven imene anatulutsa mu 2024 ndi ya mineral.

Tatsala ndi awiri. MT200 ili ndi mapisitoni awiri okankha mapadi, liva yake ndi yaitali yogwira ndi zala ziwiri kapena zitatu. Musaipeputse, poyerekeza ndi mabuleki a waya muli nawowo muona ngati mwagula njinga ina. Ubwino wake waukulu ndi mapadi, imadya B01S kapena B05S, ndipo mapadi a maonekedwe amenewa ndi omwenso amalowa m'ma Tektro ambiri amene amabwera pa njinga za kaunjika, moti ngati pali mapadi amene mungawapeze kwathu kuno osatuma munthu kunja ndi amenewa. M6120 ili ndi mapisitoni anayi, mapadi ake ndi aatali, D03S a resin (ofewerapo) kapena D02S a chitsulo, liva yaifupi ya chala chimodzi, ndipo ili ndi kaluso kamene amati Servo Wave, mapadi amafika msanga pa disiki kenako mphamvu nkumawonjezeka pamene mukukoka. Munthu wa makilo 88 wotsika phiri lonse la Zomba osapuma, vuto lake si kuimitsa njinga kamodzi, vuto ndi kutentha komanso kutopa kwa zala, ndipo apa ndi pamene anayiwo amaonekera. Ndalama zikapelewera, ikani ya mapisitoni anayi kutsogolo kokha, kumbuyo MT200, palibe amene akumangeni, buleki ya kutsogolo ndi imene imagwira ntchito yaikulu potsika.

Koma chimene anthu amaiwala, ndipo chotchipa kuposa zonsezi, ndi kukula kwa disiki. Njinga zambiri za kaunjika zimabwera ndi 160 mm uku ndi uku. Mukaika 180 kutsogolo buleki yomweyo imagwira kwambiri, chifukwa ikupana kutali ndi habu, monga mmene sipanala yaitali imamasulira bawuti imene yaifupi yakanika, komanso chitsulo chikachuluka sichitentha msanga. Ine ndingasankhe MT200 pa disiki ya 180 kusiyana ndi Deore pa 160 yakutha. Pafunika adaputa yokweza caliper, ndipo muyambe mwafufuza kuti foloko yanu imalola disiki yaikulu bwanji, mafoloko otchipa ena amathera pa 160 kapena 180, nde musathamangire 203 chifukwa mwaiona pa YouTube.

Pitani pa njinga pompano ndi foni mukajambule zinthu izi. Disiki yamangidwa bwanji pa habu, ndi timabawuti 6 tomasula ndi kasipanala ka nyenyezi ka T25 kapena ndi Center Lock ya chiring'i chimodzi pakati? Caliper yamangidwa bwanji, mabawuti akulowa molunjika mu foloko, imeneyo ndi post mount, kapena akulowa cham'mbali kudzera pa adaputa, imeneyo ndi IS ya pa mafelemu akale. Muwerengenso timalemba ta pa disiki. Madisiki otchipa a Shimano ngati RT56 amalembedwa kuti ndi a mapadi a resin okha, mukaikapo a chitsulo adya disikiyo msanga. Ndipo ngati yapyapyala isintheni, ya Shimano yatsopano imakhala 1.8 mm, ikafika 1.5 yatha ntchito.

Za resin ndi chitsulo sinditaya nthawi. Resin salira, amagwira bwino akadali ozizira, koma m'matope a Januwale amasungunuka ngati sopo. A chitsulo amakhalitsa ndipo amapirira kutentha, kungoti akanyowa amalira mpaka agalu a m'mudzi wonse kukuthamangirani kkkk.

China chimene chimapweteka anthu ndi mbali. Muone kuti buleki ya kutsogolo muli nayo ku dzanja liti panopa, mumuuze mng'ono wanu agule chimodzimodzi, chifukwa liva ya Shimano ya kumanja siitembenuzika kukhala ya kumanzere, apa SRAM ndi Magura amawina poti zawo zimalowa uku ndi uku. Zikabwera mosemphana si maliro ayi, mumangosinthanitsa mapaipi, koma pamenepo mufunika ka olive ndi ka insert katsopano, tizitsulo tomangira kumapeto kwa paipi kuti oyilo asadonthe, timenetinso mufunika mukamadula paipi imene yatalika. MT200 imayenda ndi paipi ya BH59, ka insert kake ndi kagolide, pamene M6120 ndi BH90, kake ndi kasiliva. Tinthu tating'ono kuposa njere ya chimanga koma mukatisowa njinga ikhala mwezi itatsamira khoma.

Ndiye m'chikwama cha mng'ono wanu, kupatula mabulekiwo, mukhale mapadi apadera osachepera mapeyala awiri, kabotolo ka mineral oil wa Shimano wofiirira uja, kafanelo, timaolive ndi timainsert tingapo, disiki ya 180 ndi adaputa yake. Agule mu shopu ya njinga yeniyeni, mapadi achinyengo olembedwa Shimano adzaza pa intaneti.

Zikafika mwamanga, musakwere phiri tsiku lomwelo. Pukutani disiki ndi sipiriti, osaigwira ndi manja a girisi, ndipo oyilo wa tcheni asayandikire nkomwe, padi imene yamwa oyilo ndi yotaya basi. Kenako pezani msewu wosalala, muthamange pang'ono nkukoka buleki mwamphamvu mpaka liwiro la munthu woyenda pansi koma osaima, mubwereze maulendo ngati 20 buleki iliyonse, mumva yokha ikuyamba kuluma. Ndipo potsika ku Chawe kuja siyani chizolowezi chokokeratu buleki njira yonse, gwirani mwamphamvu musanafike pa kona, siyani, ipume, gwiraninso.

Zithunzi zija munditumizire pa imelo yomweyi, makamaka cha foloko pamene pali dzina ndi nambala, ndikuuzeni adaputa yoti mng'ono wanu agule.