Mbewu siinatope, chiwau ndicho chasintha

Achimwene a ku Tsangano, mwafunsa kuti bwanji tirigu amene kale sankagwidwa chiwau wafiira munda wonse chaka chino, kapena mbewu yatopa poibwereza. Ine mbewuyo sindikuikayikira. Tirigu sali ngati chimanga cha haibulidi. Duwa lake limadzibereketsa lokha, choncho mbewu yosunga imatengera makolo ake, pokhapokha ngati inasakanikirana ndi ina popuntha.

Chasintha ndi chiwaucho. Ufa wofiira uja umatsalira pachala mukasisita tsamba, womwe umadetsanso thalauza mukadutsa m'munda, ndi njere za fangayi, ndipo mphepo imaziuluza kutali osaona malire.

Mitundu yambiri ya tirigu imatetezedwa ndi jini imodzi yokha, kachidutswa ka chibadwa chake. Jiniyo ili ngati mlonda wodziwa nkhope ya mbala imodzi. Mbala ikasintha maonekedwe imangolowa, mlonda ali chiimire. Zinachitikadi ndi jini ya Sr31, imene anaitenga ku mbewu ina yotchedwa rye. Inateteza tirigu ku chiwau cha pa phesi zaka pafupifupi 30, mpaka mu 1998 pamene ku Uganda kunabuka mtundu wa chiwau umene anautcha Ug99. Pofika 2006, ku Kenya, mtundu wina wa chiwau chomwecho unagonjetsanso jini ina yotchedwa Sr24. Abale ake a Ug99 anapezeka ku Tanzania, Zimbabwe ndi Mozambique, ndiye inu a m'malire musamachione ngati chakutali.

N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kwambiri majini ngati Sr2 ndi Lr34. Saletseratu matenda ayi, amangowachedwetsa tirigu akakula, koma akhala akugwira ntchito zaka zambirimbiri. Akatswiri a CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu ku Mexico, amaphatikiza majini otere anayi kapena asanu mu mtundu umodzi, n'kukauyesa ku Njoro, ku Kenya, kumene amauika dala pakati pa chiwau. Tirigu wotere mukamuona ndi timadontho tochepa musamutaye, bola ngala zikudzaza.

Panopa bwererani kumunda mukaonetsetse. Mizere yachikasu pa tsamba ndi chiwau chokonda kuzizira ngati kwanuko, pomwe zilonda zofiirira zong'amba phesi ndi choopsa chija chimagwetsa tirigu. Tengani mapesi angapo mukawaonetse alangizi. Mukakolola muzule tirigu womera yekha, pakuti chiwau chimadikirira nyengo ina pa mbewu yamoyo. Ndipo chonde, mudzi wonse usadzale mtundu umodzi.