Parachuti ya malume ya 1994: kodi ndingaibereke?

FUNSO: Ine ndimakhala ku Chilomoni, ndipo ndikapita ku South Africa kukagwira ntchito ndimaphunzirako kuulutsa glider, ndege ija yopanda injini. Malume anga, amene ankaulutsa ndege zotere kale, andipatsa parachuti yawo yopangidwa mu 1994. Sinatsegukepo mlengalenga, yangokhala pamwamba pa wadiropu zaka zonsezi. Kodi ndingaibereke momwe ililimu, kapena ndiyambe ndaipindanso ndekha?

YANKHO: Bambo, musaibereke, ndipo zopinda nokhazo musayerekeze. M'funso lanu muli nkhani ziwiri zimene anthu amakonda kusakaniza: nthawi yopindanso parachuti, ndi zaka zimene iyenera kugwira ntchito isanapume.

Kupinda ndi ntchito ya katswiri wokhala ndi chiphaso, amene anthu a ndege amamutcha rigger. Ku America, lamulo la FAA, bungwe la boma loyang'anira za ndege, limati parachuti ya nayiloni ikhale yopindidwa m'masiku 180 apitawo. Mpaka kumapeto kwa chaka cha 2008 anali masiku 120, ndipo ya silika kapena thonje ndi masiku 60 okha. Ku Ulaya amatsatira buku la kampani yopanga, ndipo zambiri amazipinda kamodzi pachaka. Cholinga chenicheni si kupindako, koma kuti katswiriyo atambasule nsalu yonse, aiume, aone zingwe ndi misoko, asinthe timphira togwira zingwe timene timauma kapena kumata tikakhalitsa, ndiponso ayese sipulingi imene imaponya kaparachuti kakang'ono kokoka yaikuluyo. Pisani m'kathumba ka pachikwama cha parachutiyo, mupezamo khadi lolembedwa tsiku limene inapindidwa komaliza. Pa pini yotsekera chikwamacho payeneranso kukhala kaulusi kofiira ndi kachidindo ka mtovu.

Nkhani ya zaka ndiyo yolemera. Kuti sinatsegukepo sindiye kuti ndi yatsopano, pakuti nayiloni imafooka ili chikhalire. Dzuwa limaidya, kutentha nakonso, ndipo thukuta limalowerera m'malamba mpaka zitsulo kuchita dzimbiri; asidi wa batire akangodonthapo, nsalu yatha. Ndiye taganizirani chikwama chimene chakhala pafupi ndi malata mu Okutobala aliyense wa kuno ku Blantyre, kenako n'kumamwa chinyontho cha chiperoni mu Juni. Makampani ambiri amaika malire a zaka 15 mpaka 20, ndipo ngakhale kumene lamulo silitchula zaka, akatswiri ambiri amakana kusaina pa parachuti yopitirira pamenepo. Ine sindiwadzudzula, chifukwa dzina lolembedwa pakhadipo ndi lawo.

Pali chifukwa china chokayikira zakale. M'zaka za m'ma 1980 kunapezeka kuti kaukonde kosokedwa pa maparachuti ena ozungulira kanali ndi asidi amene ankafooketsa nsalu yoyandikana nako, mwakachetechete, m'chikwama momwemo. N'chifukwa chake akatswiri amapana nsalu ndi zopanira ziwiri n'kuikoka ndi mphamvu ya mapaundi 40, pafupifupi makilogalamu 18, kuti aone ngati ing'ambike. Komabe mayesowo amangonena za pamene akokapo, osati za nsalu yonse. Onaninso chizindikiro cha kampani, chifukwa chimatchula kulemera ndi liwiro zimene parachutiyo ingapirire; mwina malume anu anali ochepa thupi kuposa inu.

Woyendetsa glider amadumpha zinthu zitavuta kale, kawirikawiri ndege zitawombana pozungulira m'mpweya wokwera, ndipo nthawi zina ali pafupi ndi pansi. Alibe parachuti yachiwiri monga amene amadumpha pamasewera, choncho imodziyo iyenera kukhala yodalirika.

Mukamapitanso ku South Africa, itengeni mukaionetse kwa rigger, koma konzekani kumva kuti yapuma. Pakadali pano muzibereka ya kalabu imene mukuphunzirako, mutayamba mwawerenga khadi lake. Malumewo muwathokoze bwino, ndipo muwafunse ngati anasunga buku la parachutiyo.