Kodi nyuzipepala ndi mawayilesi tiziwakhulupirirabe?

Achimwene, mwafunsa kuti tizidikiranji Nation, Times kapena Zodiak pomwe nkhani imayamba kufika pa WhatsApp, komanso ngati atolankhani amafufuzadi kapena amangolemba zomwe auzidwa. Ine ndikuti kuchedwa kwawoko nthawi zambiri ndiye ntchito imene.

Mphekesera ikamveka, tinene kuti minibasi yagubuduzika ku Ntcheu, mtolankhani amaimbira mneneri wa polisi wa m'bomalo, kenako achipatala, chifukwa awiriwa amatha kusiyana pa chiwerengero cha omwalira. Maina satchulidwa achibale asanauzidwe. Ikakhala nkhani ya katangale, mkonzi sailola kutuluka popanda pepala m'manja: kalata, lipoti la owerengera ndalama za boma, kapena zikalata za kukhoti. Wonenedwayo naye ayenera kuimbiridwa kuti apereke mbali yake. Kaja mumawerenga kuti "tinayesetsa kuwaimbira koma sanayankhe foni" si kongokometsera ayi, amaopa mlandu woipitsa mbiri ya munthu, ndipo chipukuta misozi chake chimatha kugwedeza kampani. Koma amene amatumiza voice note mu gulu la WhatsApp alibe dzina, alibe ofesi, simungamusumire.

Koma pamene mukukayikirapo paliponso zoona. Kumbukirani imfa ya Bingu wa Mutharika. Anakomoka ku State House ku Lilongwe pa 5 April 2012 n'kuthamangira naye ku chipatala cha Kamuzu Central, ndipo anamwalira tsiku lomwelo. Boma linati amutengera ku South Africa kukalandira chithandizo, MBC n'kumaulutsa zomwezo. Pa 6 April Reuters ndi BBC anali atalengeza kale za imfayo, atamva kwa achipatala ndi ena a m'boma omwe sanafune kutchulidwa. Boma linadzavomera pa 7 April, tsiku lomwe Joyce Banda analumbira. Apa mukuona kuti "nduna yanena" si umboni. Ndi umboni woti nduna yalankhula, basi. Amene anapeza zoona ndi amene anafunsa anthu oposa mmodzi omwe anaona ndi maso.

China n'chakuti nyumba zoulutsira nkhani zili ndi eni ake. Nation inayambitsidwa ndi Aleke Banda mu 1993, iye ali wandale. Gospel Kazako, mwini wa Zodiak, anadzakhala nduna yofalitsa nkhani mu 2020. Sindikuti amanama, koma nkhani yokhudza mwini nyumba kapena amene amalipira zotsatsa malonda, ine ndimaiwerenganso kwina. Onjezanipo malipiro ochepa ndi kaenvulopu ka ndalama kaja kamene ena amalandira pakutha pa msonkhano wa atolankhani; nkhani yotuluka pamenepo imangokhala ngati kalata ya amene anaitanitsa msonkhanowo.

Ndiye mukamawerenga, taonani kuti akuti wanena ndani, ndipo iyeyo wadziwa bwanji. Onani ngati mbali inayo yafunsidwa. Kuyambira mu September 2020 lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga wa boma likugwira ntchito, choncho mtolankhani ali ndi poyambira popempha zikalata, ngakhale maofesi ambiri amazengereza. Nyuzipepala ikakulakwirani mutha kuilembera kuti ikonze ndi kupepesa, ikakana n'kukadandaula ku Media Council of Malawi. Za wayilesi ndi kanema zimapitanso ku MACRA, bungwe la boma loyang'anira mawayilesi ndi makanema.