Mwana wanu akufunika kumumvetsera, si chibwana ayi

Mayi, mwafunsa za mwana wanu wamkazi wa ku sekondale amene wasiya kudya bwino, akungodzitsekera m'chipinda, ndipo sakukhozanso m'kalasi chiyambire pomwe anzake anayamba kumunena kuti ndi wotsalira chifukwa amakana mowa ndi zibwenzi. Mukufuna kudziwa ngati ndi msinkhu chabe.

Musazitenge mopepuka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la m'maganizo, ndipo ambiri salandira thandizo. Pa msinkhu umenewu mbali ya ubongo yothandiza kudziletsa imakhala isanakhwime, pomwe mtima wofuna kulandiridwa ndi anzake umakhala waukulu zedi. Ndiye kusekedwa pa buleki, kapena kuchotsedwa pa gulu la WhatsApp la kalasi, kwa iye n'chilonda chenicheni.

Musayambe ndi "ife kale sitinkatero". Khalani naye pambali, mwina mukugwira ntchito limodzi, mumufunse kuti kusukulu amacheza ndi ndani masiku ano. Akayamba kulankhula, musamudule mawu, ngakhale zikuwaweni. Mumuyamikirenso, chifukwa kukana kwakeko ndi kulimba mtima.

Kenako kaonaneni ndi mphunzitsi amene mwanayo amamukhulupirira, koma mugwirizane naye kaye mwanayo. Ngati kukhumudwaku kwadutsa masabata awiri, sakugona, kapena mwaona mabala pamikono, pitani naye kuchipatala. Akanena zoti kuli bwino kufa, mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsako sikumuika maganizowo m'mutu. Musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.